Mbewa ya m'Bokosi Lachitatu

Lachinayi m'mawa sikelo inaonetsa magalamu 19.6. Ndinaitsitsa mbewa ya m'bokosi lachitatuyo, n'kupukuta kambale ka sikelo, n'kuikwezanso. Manambala sanasinthe.

Ntchito yanga pa labotale ndi yosamalira mbewa zoyera zimene amayeserapo mankhwala. Ndimazisinthira utuchi, kuthira madzi m'mabotolo, ndi kuziyeza m'mawa uliwonse. Pakhoma pali pepala limene anasaina a vetenale: mbewa ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake, ichotsedwe mu kafukufuku tsiku lomwelo, aigoneke tulo tosadzukanso isanazunzike. Iyi inayamba ndi magalamu 25. Malire ake anali 20.

Ndinali nditadziwa kale isanakwere pa sikelo. Maso inali itafinya, makutu atagonera kumbuyo, ubweya utaimirira. Zinzake zikukumba utuchi, iyo inangoti khuma pakona.

Amalume analowa akumanga zingwe za gauni. Ndiwo amayang'anira chipinda cha mbewa, ndipo ndiwo anandipezera ntchitoyi nditakhala pakhomo zaka ziwiri chimalizireni sekondale. Atasuzumira pa sikelo, anabwerera kukatseka chitseko.

Anandikumbutsa monong'ona kuti kafukufuku wa adokotala akutha Loweruka, kuti m'gulu limeneli mwatsala mbewa zisanu ndi imodzi zokha, ndipo ikachokapo ina, ntchito ya miyezi isanu ndi itatu yalowa m'madzi. Adokotala akakwiya, woyamba kuitanidwa ndi amalumewo.

"Iviikire chakudya m'madzi, uiyezenso ikakhuta," anatero. "Theka la galamu n'chiyani? Iwenso ukamwa tiyi umalemererako."

Sindinaseke. Kwathu mawu a amalume sabwezedwa, ngakhale ndi amayi. Ndinafewetsa chakudya, n'kuchiika pafupi ndi mphuno yake. Inanunkhiza kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. Tinadikira. M'chipindamo munkangomveka makina oziziritsa mpweya ndi tiziphazi ta mbewa zina.

"Mbewa yamakani ngati amako," anatero amalume.

Kenako anasolola pensulo m'thumba la gauni. Anati ndilembe 20.1 pa fomu, mopepuka, mawa tikaona mmene yadzukira tidzakonza. Fomu imeneyo salemba ndi pensulo. Ndi iwo omwe anandiuza zimenezo tsiku langa loyamba.

Pensuloyo inali m'malere pakati pathu. Ndinayang'ana mbewa ija. Nthiti zake zinkakwera ndi kutsika mofulumira, ngati yathamanga, pamene chigonereni dzulo sinasunthe. Masiku awiri kwa ife si kanthu. Kwa iyo sindinkadziwa kuti ndi aatali bwanji.

Ndinatenga bolopeni yomangiriridwa ku thabwa la fomu. Ndinalemba 19.6, naini n'kutuluka wopindika, koma ankawerengeka. Ndinasaina m'munsi mwake.

"Ukukumbuka amene anakubweretsa pano?"

"Ndikukumbuka, amalume."

Anaima kutsogolo kwa foni ya pakhoma nthawi yaitali, akupukusa mutu. Potsiriza anapatuka, n'kundiuza kuti a vetenale ndiwaimbire ndekha, ndipo adokotala akafika ndiyankhenso ndekha, poti ndakula. Ndinawaimbira, nambala ya bokosi n'kuitchula kawiri.

Amene anayamba kufika si a vetenale. Ndinazindikira nsapato za adokotala m'khonde, zija zogogoda. Analowa osapereka moni, anatenga fomu, chala chawo n'kutsetsereka mpaka pa naini wanga wopindika. Anawerama n'kuyang'ana m'bokosi kwa kanthawi, nsagwada zitauma.

"Wayeza ndani?"

Ndisanayankhe, ndinamva kumbuyo kwanga pensulo ikugwera m'thumba la amalume.

"Tayeza tonse, adokotala," anatero amalume. "Kawiri. Chakudya yakana."

Adokotala anapumira m'mwamba, n'kusaina pansi pa dzina langa. Amalume sanandiyang'ane. Anangondikankhira kabokosi konyamulira mbewa yokaigoneka, n'kunena kuti ndiikemo utuchi wa pakona pomwe inagona, ipite ikumva fungo la kwawo.