Giyabokosi ya Bambo a Sharon

Tili pakati pa chikweza cha ku Ntchisi, injini inalira mokweza ngati ikufuna kung'amba boneti, koma galimoto sinapite patsogolo. Kenaka inayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Amuna anga, a Rodrick, anaponda buleki. Fungo la kupserera linadzaza m'katimo.

"Yatani, bambo a Sharon?" ndinafunsa, nditamukumbatira mwana wathuyo.

"Giyabokosi," anatero, nagwetsa mutu pa chiwongolero.

Anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe ankagwira ntchito m'galaja. Anachoka Sharon ali kumsana, anabwera atayamba kale sukulu. Anafika pa galimoto yofiira, yosintha yokha magiya, yomwe anachita kuikonza ndi manja awo. Anaikamo tebo yaikulu, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, injiniyo n'kukhala ndi mphamvu zoposa zimene inabadwa nazo. Ikamadutsa pa Mponela, ogulitsa tomato ankasiya makasitomala n'kumaicheukira. Anati angodya nafe Khirisimasi, chaka chikangolowa abwerera. Tsikulo tinkapita kukaona amayi awo.

Lole ya chimanga ndiyo inatikoka mpaka pa Mponela, kwa a Malizani, makaniko amene anawaphunzitsa a Rodrick kugwira sipanala. A Malizani anakhuthulira oyilo wa giyabokosi m'beseni. Anatuluka wakuda bii, wonunkha ngati nyemba zopserera.

"Rodrick, injini waipatsa mphamvu za thirakitala, koma giyabokosi ndi ya galimoto yopitira ku tchalitchi. Mbale za m'katimu zapsa zonse."

"Ndimadziwa, madala. Ndinkati ipirira."

"Pamalo osalala ikanapirira. Kuno ayi."

Giyabokosi yolimba inayenera kuchokera ku Joni konko, pa thiraki ya mnzawo wa a Rodrick. Mnzawoyo ankangoti sabata yamawa. Chaka chinalowa, fodya anakhwima, a Rodrick akadali nafe kwathu ku Nachisaka.

Masiku oyamba ankangozungulira pabwalo, foni ili m'manja. Kenaka m'mawa wina ndinawapeza kumunda, atapinda thalauza, akuthyola fodya. Manja aja anali asanaiwale. Madzulo tinkakhala m'chigafa kumasoka masamba, iwo akundisimbira za misewu ya kumeneko, ine ndikuwasimbira amene anamwalira ndi amene anakwatiwa iwo kulibe. Sharon, yemwe poyamba ankawatchula kuti "alendo aja", anayamba kukana kupita ku sukulu ngati samuperekeza iwo. Ine ndinazolowera kumva munthu akutsokomola kuseri kwa nyumba. Foni yawo ikalira, ndinkaopa kuti giyabokosi ija yafika.

Tsiku lina, tikupachika fodya, ndinalimba mtima.

"A Malizani akuti mutaichepetsa mphamvu galimotoyi, ngakhale giyabokosi wamba ikhoza kukhalitsa. Bwanji mutero, muziyendetsa konkuno? Anthu ofuna hayala pa Mponela sasowa."

A Rodrick anayang'ana masamba.

"Ndikaichepetsa, sikhalanso galimoto imene ndinapanga. Kumene kuja anthu amandidziwa chifukwa cha imeneyi, amake Sharon. Amabwera ndi zawo kuti ndiwakonzere chimodzimodzi. Kuno ndine yani?"

"Kuno ndinu bambo a Sharon."

Anandilandira ndodo ya fodya imene ndinanyamula, naikweza pamwamba pomwe ine sindinkafikira.

Giyabokosi inafika mu Malichi. Ndinapita ndi a Rodrick pa Mponela tsiku lomwe anamaliza kuimanga. A Malizani anali ataonjezerapo kachitsulo koziziritsa oyilo, ndipo anandikokera pambali kuti andionetse, nkhope ili ngwee.

"Imeneyi siipsanso, mayi. Ikafika ku Joni osatsokomola n'komwe. Musadere nkhawa."

Ankaona ngati akundisangalatsa. Ndinawathokoza, ndinapinda ndi mawondo omwe.

Pobwerera kunyumba, a Rodrick anadzera dala njira ya zitunda. Galimoto inakwera ngati ikutsetsereka, magiya akulowa okha mosamveka n'komwe. Iwo ankaseka ngati mwana. Ndinali ndisanawaone akuseka choncho m'chigafa muja, ndipo ndinadziwa kuti palibenso chonena.

Galimoto inagona pabwalo, mvula inagwa mpaka m'bandakucha. A Rodrick ananyamuka kukucha, Sharon asanadzuke, poti anati sangathe kumuona akulira. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Ndibwera Khirisimasi ino," anatero.

"Muyende bwino."

Zaka zadutsapo tsopano, sanabwerebe. Amaimba foni, amatumiza zovala za mwana, ndipo nthawi zonse amandiuza kuti giyabokosi ija ikadali bwinobwino. Koma ndikawakumbuka, sindiona za pa fonizo. Ndimaona m'mawa uja. Bwalo lonse linali matope, kupatula pamene panagona galimoto, pomwe panatsala dothi louma, la ngodya zinayi. Ndinakaima pakati pake opanda nsapato. Mvula inayambiranso kuwaza, ndipo ndinakhalabe pomwepo, ndikuona madontho akudetsa dothilo, mpaka panafanana ndi pena paliponse.