Dothi la Kudimba la a Mwanabibi

Nditatumizidwa ku Makanjira ngati mlangizi wa zaulimi, ndinapita ndi matama a munthu wongotuluka kumene ku koleji. Bungwe lina linandipatsa mbewu ya bitiruti wopangira shuga kuti tiyesere, ndipo m'kabuku kake ndinawerengamo kuti mbewuyi imapirira mchere. Zakuti imapirira ikakula, osati ikadali yanthete, zinali patsamba lotsatira limene sindinatsegule.

Ndiye ndinalamula kalabu ya amayi kuti tifese pafupi ndi mjigo umene anthu anausiya chifukwa madzi ake ndi amchere. A Mwanabibi, wapampando wa kalabuyo, anandifunsa mwaulemu ngati sikukanakhala bwino kumatunga kumtsinje. Ndinawayankha kuti sayansi si miseche ya pachitsime.

Mbewu zinamera mwa apo ndi apo, kenaka n'kuyamba kufota. Unali mwezi wa Ramadhani, ndipo ine mlandu ndinaugamula msanga: amayiwa akufunga, osadya osamwa usana wonse, alefuka, sakuthirira. Ndinawauza zimenezi pamaso, ndi pakamwa pangapa. Mwakachetechete ndinalembanso lipoti lakuti kalabuyi ndi yaulesi, choncho pampu yothirira imene bungwe linailonjeza ipite kumudzi wina.

Lachinayi a Mwanabibi anandiitana kudimba, amayi onse ali pomwepo. Dothi linali lonyowa ndithu, koma pamwamba pake panali mbuu ngati pawazidwa ufa. Anazula kambewu kamodzi n'kundipatsa. Muzu wake unali waufupi, wakuda kunsonga ngati wapsa, wopanda timizu tam'mbali. M'zikhatho mwawo munali matuza okhaokha a keni yothirira. Amayiwo ankathirira m'mawa ndi madzulo, kukhosi kuli gwaa.

Kenaka anatapa dothi ndi chala.

"Ine ndafunga, alangizi, sindingalawe. Inu simunafunge. Talawani."

Ndinanyambita. Unali mchere weniweni, wowawa mpaka kukhosi. Kuthirira kumene ndinkawakalipira kuti awonjezere n'kumene kunkawotcha mizuyo. Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana.

Akanandinyoza, mwina zikanandipepukira. Koma iwo anangopukuta chala pachitenje n'kunena kuti palibe kanthu, munthu amalakwitsa, tidzafesanso. Kenaka anafunsa modekha kuti pampu ija ifika liti, kuti azikoka madzi a kumtsinje.

Pampuyo inali itatsitsidwa kale kumudzi winawo dzulo lake, ine ndemwe ndikusainira.

"Ndikafunsa ku ofesi, amayi," ndinatero.

Anandithokoza.