Chothina Chouma

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sinditama munthu mwachisawawa. Koma pali anthu awiri amene ndikamawatchula ndimayamba ndavula chipewa: alamu anga ndi akapitawo athu.

Ntchito yathu ndi yokonza mawaya a magetsi. Osati am'tauniwa, oti umafika pa galimoto n'kutsamiritsa makwerero, ayi. Athu ndi aja odutsa m'mapiri pa nsanja zachitsulo, kumene msewu umathera m'munsi ndipo kotsalako ndi iwe ndi miyendo yako. Timasenza zida, tenti ndi kamba, n'kukagona komweko mpaka ntchito ithe. Nyengo yozizira kumtundako si kocheza. Mphepo yake imadutsa mu ovolosi ngati sunavale kanthu.

N'chifukwa chake akapitawo ali ndi lamulo losakambirana: aliyense akhale ndi zothina ziwiri. Chothina ndi dzina lathu la thalauza lamkati lija lofunda, logwira thupi kuchokera m'chiuno mpaka m'akakolo, lovalira mkati mwa ovolosi. China n'choyendera, china n'chogonera, ndipo chogoneracho chimamangidwa m'jumbo kuti chisaone ndi dontho lomwe. Ukafika pamsasa, usanakhudze ketulo, umavula chonyowa ndi thukutacho n'kuvala chouma. Obwera kumene amaseka, ati amuna andevu pepeya kumavala zothina ngati ovina a pa kanema. Akagona kuphiri kamodzi kokha, kuseka kumatha okha.

Alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu, anali katswiri wa gulu lathu. Tinkawatcha Gologolo, chifukwa iwe ukamamanga lamba wokwerera, iwo anali atafika kale pamwamba akukufunsa ngati wagona. Ndiye tsiku lina chidiramu cha waya chinagubuduka pa lole n'kuwapsinja mwendo wamanzere. Kuchipatala anaudula m'munsi mwa bondo. Atachira anawapatsa mwendo wochita kupanga, ndipo kuntchito anawaika mosungira katundu, kuti azipereka mabawuti ndi magolovesi pa kawindo.

Abale, munthu uja anafota tikuona. Tikamakweza katundu pa lole m'mawa, ankatiyang'ana pa kawindo paja ngati mwana wotsala pakhomo anzake akupita kusukulu. Ine zinkandipweteka moti ndinayamba kutuma ena kukatenga magolovesi anga.

Alamu anavutitsa akapitawo miyezi ndi miyezi kuti awabwezere pagulu, mpaka mkulu uja anatopa nawo. Akapitawo ndi bambo wamfupi, waimvi, wa mawu ngati injini yakale, ndipo sazungulira polankhula.

"Gologolo, ulendo uno tipitira limodzi," anatero tonse tikumva. "Ukapita ndi kubwera ndi miyendo yako, wabwerera pagulu. Tikakunyamula, ubwerera pa kawindo, ndipo nkhaniyi usadzandiyambitsenso. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Dzulo lake la ulendo ndinadutsira kwawo. Ndinapeza achemwali pabalaza atayala katundu pa sofa yonse, masokosi, chipewa chaubweya, zothina ziwiri zatsopano zikununkhabe m'sitolo. Anapinda chimodzi, n'kuchiika m'jumbo, n'kumanga mfundo ziwiri. Alamu atatuluka kukatseka geti, achemwali anandikoka mkono.

"Iwe, ukawayang'anire alamu akowa. Kuyenda ayenda, ine ndawaona m'mawa uliwonse akukwera masitepe a pamsika ndi chikwama cha njerwa kumsana. Koma manyazi! Kuno komwe mwendo amavulira kuchipinda atakhoma chitseko. Ana awo sanauonepo."

"Achemwali, musadandaule. Ine ndilipo."

"Ndiye n'chimene ndikudandaula," anatero, n'kundimenya ndi sokosi.

Tinasiya lole pothera msewu n'kuyamba kukwera. Tinalipo ine, alamu, akapitawo ndi mnzathu wina wotchedwa Wamtali, amene phazi lake limodzi ndi athu awiri. Udzu unali wofika m'chiuno, wodzaza ndi mame, ndipo masana kunayamba kamvula kowaza kosatha. Koma alamu anayenda, anthu inu! Potsetsereka ankayamba aponda ndi mwendo wawowawo, n'kukoka winawo, chingwe chili paphewa, osadandaula ngakhale kamodzi. Tikuwoloka kamtsinje anaterereka n'kulowa m'madzi mpaka m'mawondo, koma anadzuka okha, akuseka, ati mwendo umodzi wokha ndiwo wamva kuzizira, ife tapusa ndi iwiri. Ine kumbuyo kwawo ndinkangomva kukoma mumtima.

Tinafika pamsasa dzuwa lisanalowe, mvula itakula. Tinakhoma tenti mothamanga n'kupanikizana momwemo anthu anayi, zikwama kumutu, nsapato pakhomo. Aliyense anayamba kuvula zonyowa, zigongono zikugundana, Wamtali akutipondaponda. Alamu analowa m'thumba lawo logonamo mpaka m'khosi, n'kuphiriphitha m'menemo kwa kanthawi.

"Wasintha, Gologolo?" anafunsa akapitawo.

"Ndathana nazo, bwana."

Tinamwa tiyi ndi buledi, n'kugona.

M'mawa kutangoyera ndinamva wina akundikanda paphewa.

"Mlamu," alamu ananong'ona. "Mlamu, usachite phokoso. Mwendo sukumva."

Milomo yawo inali itatuwa, mano akugundana. Ndinapisa dzanja m'thumba lawo lija, ndipo ndinagwira chothina chonyowa, chozizira ngati nsomba ya mufiriji. Jumbo ya achemwali inali pambali pawo, mfundo zake zili chimangire. Pomwepo ndinamvetsa. Chothina sichivulika munthu asanachotse mwendo wopangawo, ndipo iwo analolera kugona usiku wonse m'zonyowa kusiyana n'kuti tiwaone podukapo.

Ndinapsa mtima mpaka kuiwala kuti ndi alamu anga.

"Inu mutu ukugwira? Mukufuna achemwali adzandidye wamoyo? Kubisa chiyani, ngati sitinalipo tsiku lomwe chidiramu chinakugwerani!"

"Chonde, mlamu, akamva akapitawo ndiye kwanga kwatha."

"Ndamva kale," anatero akapitawo ali chigonere.

Anadzuka pang'onopang'ono, n'kukwawa mpaka pamene panali alamu, n'kutsegula zipi ya thumba lija mpaka kumapazi. Mumtima ndinati basi, zatha, tiyambe kudula mitengo ya machira. Wamtali anayamba kufunafuna nsapato kuti atuluke, awapatse ulemu.

"Khala pansi iwe," anatero akapitawo. "Palibe atuluke. Wofuna kuyang'ana ayang'ane lero akhute, mawa tisadzavutikenso. Gologolo, chotsa."

Alamu anatiyang'ana mmodzimmodzi. Kenako anawerama n'kumasula mwendo uja, n'kuuika pambali. Akapitawo anawakolopola chothina chonyowacho ngati akuvula mwana. Podukapo panali potuwa, pamakwinya ngati zala za munthu amene wachapa tsiku lonse. Alamu anatembenukira kunsalu ya tenti, osafuna kuona nkhope zathu.

Zimene anachita mkulu uja sindidzaziiwala. Anakwinya juzi yake ndi malaya omwe mpaka pachifuwa, n'kugwira mwendo wodukawo ndi manja awiri, n'kuukhazika pamimba pake, n'kuuphimba ndi juzi.

"Mayo ine!" anakuwa. "Iwe wabwera ndi chisanu chonse cha phiri lino? Pakamwa, ukuyang'ana chiyani? Tenga phazi linalo!"

Pakamwa ndi ine, dzina anandipatsa ndi iwo omwewo. Ndinatenga phazi la alamu n'kuliika pamimba panga, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kulira ndi kuzizira kwake. Wamtali anayatsa kasitovu pakhomo la tenti n'kutereka ketulo.

"Bwana, musadzivute chonchi," anatero alamu, mawu akutuluka mokakamiza. "Si chinthu choti munthu n'kuchigwira."

"Chinthu? Uwu ndi mwendo, ndipo miyendo ya gulu lino yonse inadutsapo pamimba pano. Funsa Wamtali uyu. Chaka chake choyamba anagona ndi zonyowa ngati iwe, ndinafungatira mapazi ake onse awiri, ndipo fungo lake linanditsatira mpaka kunyumba. Akazi anga anandigoneka pabalaza. Wako uwu ndi waulemu, ulibe ndi zala zomwe zoti zinunkhe."

Wamtali anaseka mpaka tiyi kutayikira. Ine ndinaseka. Alamu anayesa kulimba, koma mapewa anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka nawo, misozi ikutsika. Sindikudziwa ngati inali ya kuseka yokha.

Magazi atayamba kubwerera, ululu unawagwira moti ankaluma kolala ya jekete. Akapitawo sanausiye mwendo uja mpaka utafunda n'kubwerera mtundu wake. Ndipamene anamasula jumbo ija n'kuwaponyera chothina chouma. Alamu anavala pamaso pathu, osabisala, n'kumwa tiyi wotentha makapu awiri.

Koma atalowetsa mwendo m'chikho cha wopangawo n'kuyesa kuima, unkagwedera. Chisanu chinali chitaufwetsa, ndipo masokosi awo apadera oikira m'menemo anali atanyowa onse kumtsinje kuja. Kuyenda choncho kukanawasupula khungu tisanafike ndi pansanja pomwe.

Akapitawo anasolola mpeni m'thumba, n'kutambasula mwendo wawo, n'kudula chothina chimene anavala, chouma chija, kuzungulira pantchafu. Anachivula ngati sokosi, n'kumanga mfundo kumapeto, n'kuchipinda pawiri.

"Bwana, nanga inu?" ndinafunsa. "Chinacho n'chonyowa."

"Ndakufunsa nzeru?"

Anawaveka alamu podukapo, ndipo mwendo unalowa n'kugwira nganganga. Alamu anayang'ana pansi, kenako anafunsa chimene tonse tinkachiopa.

"Akapitawo, kodi zimenezi ndiye kundinyamula kuja?"

"Ine ndaona munthu atakhala pansi. Dzuka tione."

Anadzuka. Anayenda mpaka pansanja imene tinabwerera kudzakonza, pamene waya unamasuka, ndipo tsiku lonse anagwira chingwe pansi, kutitumizira zida ine ndi Wamtali tili pamwamba. Sitinkachita kuitanitsa. Ukangoganiza za sipanala, umaona ikukwera kale.

Kutsika ndiye kunali kovuta. Njira inali matope okhaokha, mphepo ikuwomba kuchokera kutsogolo. Akapitawo, mwendo umodzi uli ndi ovolosi yokha yonyowa, anayamba kutsimphina, bondo litauma, koma ukawayang'ana ankakubwezera diso loti uyang'ane zako. Alamu anali atatopa zoonekeratu. Pamalo ena otsetsereka anagwa chagada, ine n'kuthamanga ndi dzanja.

"Usandigwire, mlamu!" anakuwa. "Chonde usandigwire."

Ndinabweza dzanja, ndipo kuima pamenepo osachita kanthu kunandiwawa kuposa katundu amene ndinasenza. Anagubuduka, n'kugwada, n'kugwira tsinde la chitsamba, n'kuima. Anapukuta matope kumaso n'kupitiriza. Munthu uja ndi mwamuna, ndikunena ine.

Kenako lole inaoneka m'munsi. Alamu anafika pomalizira, n'kumenya chitseko chake ndi chikhatho, n'kutsamira pomwepo akupuma mwawefuwefu. Tonse maso anali pa akapitawo. Iwo anakhala pa sitepe ya lole, akusisita bondo lawo lozizira lija, nkhope ili gwa ngati palibe chachitika.

"Wanama kamodzi pagulu langa, Gologolo. Ukadzabwerezanso kugona ndi zonyowa, ndidzakuthamangitsa ndekha, miyendo iwiri kaya umodzi."

"Sindidzabwereza, bwana."

"Chabwino. Lolemba makiyi a kawindo ukapereke kuofesi. Ndipo ubwere ndi lamba wako wokwerera, ndatopa kuona ana awa akukwera nsanja ngati akupita kumaliro."

Alamu anatsetsereka pachitseko paja mpaka kukhala pansi m'matope, n'kuphimba nkhope ndi manja, n'kulira mokweza ngati mwana. Palibe anayang'ana kumbali. Ndinakhala nawo pansi pomwepo, ndipo nanenso ndinalira.