Lisiti Lomaliza

Kwawo ankamuitana kuti Asungichuma, ndipo dzinalo silinali laulemu. Analipeka ndi mng'ono wake, Chitsiriza, tsiku limene anamupeza akung'amba chubu cha mankhwala otsukira mano ndi lumo kuti akombe zotsalira m'kati. Chitsiriza anaseka mpaka kugwira khoma, anakafotokozera amayi awo, amayi nawo anaseka mpaka misozi, basi dzina n'kumera mizu.

Kunena zoona, sankamunamizira. Msungichuma ankadzimana mochititsa mantha. Kathumba ka tiyi ankakaviika katatu, n'kumakayanika pawindo ngati thewera la mwana. Tizidutswa ta sopo ankatiunjika m'sokosi yakale n'kumasambira sokosiyo. M'nyumba yake ya lendi munali babu limodzi lokha, ndipo linkayenda naye: akamaphika lili kukhitchini, akamakagona alimasula ndi kansalu n'kupita nalo kuchipinda. Kuntchito kwake, kumalo ochapira zovala komwe ankasita malaya a anthu mpaka miyendo kutupa, ankapita wapansi, ola lathunthu, nsapato yakumanzere itayalidwa katoni m'kati.

Chimene anthu osekawo sankadziwa n'chakuti ndalama zake zinali ndi mwini. Bambo awo atatsala masiku awiri kuti amwalire, anadikira kuti amayi atuluke m'chipinda cha odwala kukatsuka mbale, ndipo anamugwira pamkono.

“Ukwati wa mng'ono wako uja ndinachita kukongola,” anatero. “Chikalata cha nyumba chili kwa obwereketsa ndalama, ndinapereka chikole. Iwe ndiwe wamkulu. Amayi ako asamve.”

Analonjeza. Munthu ungakane bwanji dzanja lozizira chotero? Amati mlandu suola, koma iye anaphunzira kuti ngongole nayo siola, ndipo siipita nawo kumanda. Kwa zaka zitatu, mwezi uliwonse, theka la malipiro ake linkalowa pa kawindo ka ofesi ya obwereketsa aja, iye n'kubwerako ndi kalisiti kabuluu kamene ankakapinda bwinobwino n'kukaika m'kachitini ka mabisiketi. Ankalipira mipando ya ukwati imene sanakhalepo, keke imene sanailawe, ndi oimba amene sanawavinire, chifukwa tsiku lonselo iye anali kumbuyo akusita madiresi a operekeza mkwatibwi.

Lamlungu ndilo linali tsiku lowawa. Ana onse awiri ankakumana kwa amayi. Msungichuma ankafika m'mawa, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kukolopa, kuchapa makatani, kuwerengera amayi mapiritsi a sabata yonse. Chitsiriza ankafika ntchito itatha. Mtsikana ameneyu anatola nkhwangwa ndi mpini womwe: mwamuna wake ankagulitsa zipangizo za magalimoto, anamugulira kagalimoto kofiira, ndipo hutala ikangolira pageti amayi ankadzuka ngati mawondo sanawavutepo.

“Wabwera mwana wanga,” ankatero, ngati winayo anachita kutoledwa pamsewu.

Chitsiriza sankabwera chimanjamanja. Lero mafuta onunkhira, mawa masilipasi aubweya, mkuja bulangete. Amayi ankatembenuza mphatso iliyonse uku ndi uku, kenako n'kuyang'ana wamkuluyo ali ndi ndowa m'manja.

“Iwe Asungichuma, ngakhale switi imodzi? Ndalama zakozo udzaikidwa nazo m'bokosi?”

Iye ankangoseka nawo. Koma nsanje inkamudya, ndipo sankadzinamiza kuti ndi chinthu china. Ankachitira nsanje galimoto, zikhadabo zopakapaka, ngakhale kaseka ka mng'ono wakeyo, kuseka kwa munthu amene sanayambe wawerengapo timitengo ta machesi. Koposa zonse ankachitira nsanje mmene amayi ankagwirira masaya a Chitsiriza ndi manja onse awiri.

Ndiye panali chithunzi. Pakhoma la pabalaza, pamwamba pa wailesi yakanema, panapachikidwa chithunzi cha ukwati uja, chachikulu ngati chitseko cha kabati, felemu yake yagolide. Mkwatibwi pakati, mkwati pambali, bambo ali mu suti, amayi ali mu chipewa. Kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, kunkaoneka chigongono cha munthu wovala bulauzi yobiriwira. Chigongonocho chinali chake. Wojambula anamuuza kuti asunthe pang'ono, ndipo iye anasuntha. Lamlungu lililonse ankapukuta galasi la chithunzicho ndi nyuzipepala yonyowa.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. M'kachitini munadzaza malisiti makumi atatu ndi asanu, ndipo kunatsala limodzi. Tsiku lomalizalo Msungichuma analikonza m'mutu mwake kambirimbiri. Adzalandira chikalata, adzapita kwa amayi, adzachilowetsa mwakachetechete m'sutikesi ya bambo pansi pa majekete, ndipo pobwerera adzadzigulira nsapato. Sankafuna kuomberedwa m'manja, ankadziuza choncho. Ankangofuna kuti chikalatacho achigwire ndi dzanja lake, ayese kulemera kwake.

Tsikulo linafika ndi mvula. Kuyambira m'mawa inkangokhuthuka, ndipo katoni ya m'nsapato inasanduka phala asanafike n'kuntchito komwe. Ofesi ya ngongole inali kutsidya lina la tauni ndipo inkatseka folo koloko. Basi yopita ndi yobwera inali mtengo wa buledi wa masiku anayi. Anawerengera, anawerengeranso, ndipo anakumbukira kuti Lachisanu lililonse Chitsiriza amadutsa msewu womwewo popita kokonzetsa tsitsi. Apa m'pamene kuumira kunamugwetsa m'mbuna. Pofuna kupulumutsa ndalama ya basi, anaimbira mng'ono wakeyo foni, kamphindi kamodzi kokha, kuti adzamutenge.

“Unditsitse pangodya apo,” anatero atayandikira.

“M'mvula muno, achemwali? Ndikusiyani pakhomo penipeni. Kodi muli ndi chibwenzi kumeneku?”

Anamusiyadi pakhomo, koma sanapite. Chitsiriza anawerenga chikwangwani, anakweza nsidze, anazimitsa galimoto n'kumutsatira, nsapato zake zazitali zikugogoda pasimenti.

Kalaliki wa pa kawindo anali yemwe uja wa zaka zonsezi, bambo wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Anawerenga ndalama kawiri, anayang'ana pakompyuta, ndipo anagwedeza mutu.

“Ngongole yakwana, mayi, mwalimba. Kwangotsala ndalama yotulutsira chikalata.”

“Yotulutsira chiyani? Simunandiuzepo.”

“Zinalembedwa pa pepala limene anasaina malemu. Popanda imeneyo chikalata sichituluka, ndipo lisiti lomaliza sindingadinde.”

Sinali ndalama yambiri. Kwa anthu ena inali ya nkhomaliro imodzi. Msungichuma anakhuthula chikwama chake pakauntala: makiyi, chipeso, mpango, ndi timakobidi timene sitinafike ngakhale theka. Anthu a pamzere anayamba kutsokomola. Anamva fungo la mafuta onunkhira paphewa pake, ndipo dzanja la zikhadabo zofiira linadutsa pafupi ndi khutu lake.

“Tengani apa, bambo. Chenji musavutike nayo.”

Kalaliki anadinda lisiti, chidindo chachikulu cha mawu akuti YATHA. Analowa m'kati, anabwera ndi envelopu yakhaki, ndipo monga amachitira makalaliki onse, anaipereka m'dzanja limene linamupatsa ndalama. Chitsiriza anaika envelopu ndi lisiti lomwe m'chikwama chake kuti zisanyowe.

“Ngongole yanji imeneyi?” anafunsa ali m'galimoto.

Apa Msungichuma akanatha kunena zonse. Koma anamva dzanja lozizira lija pamkono.

“Ya bambo. Kangongole kakang'ono. Bweretsa envelopuyo, ndipo amayi usawauze.”

“Manja anu anyowa, achemwali, muiononga. Ndibwera nayo Lamlungu.”

Nkhani siigona m'kamwa mwa Chitsiriza, ndipo mkulu wake ankadziwa zimenezo kuyambira ali ana. Loweruka madzulo atachoka kuntchito anatsitsa kachitini kaja, anawerenga malisiti onse limodzilimodzi, anawamanga ndi mphira, n'kuwaika m'chikwama. Anadziuza kuti akungowasuntha chifukwa cha chinyezi. Linali bodza, ndipo ankadziwa.

Lamlungu anapeza kagalimoto kofiira kali kale pageti. Aka kanali koyamba kuti Chitsiriza amutsogolere. Pabalaza amayi anakhala pampando wa bambo, envelopu ili pamiyendo, lisiti lachidindo lili m'dzanja, maso ali ofiira.

“Bwera udzaone zimene wachita mng'ono wako,” anatero. “Bambo anu anasiya kangongole, chikalata cha nyumba ino chinali kwa anthu. Mwana uyu wakachiombola. Ine ndikanatulutsidwa muno ngati galu, osadziwa kanthu.”

“Tinali limodzi ndi achemwali,” anatero Chitsiriza, akuyang'ana zikhadabo zake. “Iwo ndi amene ankadziwa ofesi yake.”

Sananame. Chimenecho n'chimene chinamupweteka kwambiri Msungichuma. Mwanayo analibe njiru, ankangokhulupirira ndi mtima wonse kuti dzuwa limatulukira iye.

“Kudziwa ofesi ndiye chiyani?” anatero amayi. “Ofesi ngakhale ine ndingaidziwe. Nkhani ndi kutulutsa ndalama m'thumba.” Anagwira masaya a Chitsiriza ndi manja onse awiri, ndipo anawagwira nthawi yaitali.

Kenako anayang'ana pansi, pamapazi a wamkuluyo, pomwe madzi ankatuluka m'nsapato n'kudetsa simenti.

“Taona nsapato zakozo. Ukutichititsa manyazi, mwana iwe, anthu aziti ulibe abale. Chitsiriza, kodi ulibe zina zimene unasiya kuvala? Um'patseko mkulu wako.”

Msungichuma analowetsa dzanja m'chikwama. Mtolo uja unali pomwepo, wonenepa, mphira itauluma pakati. Anaona kale mmene zikhalire: adula mphira, amwaza timapepala tabuluu patebulo, ndipo auza Chitsiriza kuti awerenge mokweza, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, mpaka mawu amuthere. Ankafuna kuona nkhope yosalalayo ikugwa. Ankafuna manja awiri aja pamasaya pake, ngakhale kamodzi kokha.

Amayi anapukuta maso ndi mpango, n'kukweza nkhope kuyang'ana chithunzi cha pakhoma, pomwe bambo anaima mu suti yawo.

“Zaka makumi anayi, bambo anu sanandibisirepo chinthu chachikulu,” anatero. “Aka ayenera kuti anangoiwala. Anali munthu woongoka. Ukwati wonse uja anauchita ndi ndalama zawozawo, osapempha munthu.”

Dzanja la Msungichuma linakhala m'chikwama momwemo. Anamva mphira pansi pa chala chake, anaikanda pang'ono, ndipo anaisiya. Anatulutsa dzanja lopanda kanthu n'kutseka zipi.

Anakoka mpando wa patebulo, anavula nsapato zonyowazo, n'kukwera. Amayi anaganiza kuti akufuna kupukuta galasi monga mwa masiku onse, ndipo anayamba kumuuza komwe kuli nyuzipepala. Iye anagwira felemu mbali zonse ziwiri, anaikweza pang'ono, n'kuichotsa pamsomali. Pakhoma panatsala malo oyera, a ngodya zinayi, ndi kangaude mmodzi wosowa kolowera.

“Ukupita nacho kuti?” anafunsa amayi.

“Kwanga.”

“Wayamba misala? Ndi chako chimenecho?”

“Ndi changa, amayi. Ndinagula.”

Chitsiriza anaseka, kuseka kwake kuja. “Asungichuma agula chinthu? Lero kugwa chiyani?” Koma mkulu wake anamuyang'ana, osaphethira, ndipo kusekako kunachepa, kunachepa, mpaka kunatha. Chitsiriza anayang'ana envelopu, kenako anayang'ana malo oyera a pakhoma.

Msungichuma anavala nsapato zake, anakumbutsa amayi kuti mapiritsi oyera ndi a m'mawa, achikasu ndi a madzulo, ndipo anatuluka cham'mbali chifukwa chithunzicho sichinkakwana pakhomo.

Mvula inali itayambanso kuwaza. Anayenda mpaka pa siteji, pamene kwa zaka zitatu ankangodutsa atayang'ana kumbali, ndipo anaimika basi. Kondakitala anayang'ana iye, anayang'ana felemu yagolide.

“Mayi, akwati anuwa sakwana pamiyendo. Akakhala pampando alipira.”

Tsiku lina lililonse akanakangana naye mpaka basi kunyamuka. Lero anatsegula chikwama, anasuntha mtolo wa malisiti, anatulutsa ndalama ya buledi wa sabata imeneyo, n'kulipira mipando iwiri.

Anakhazika chithunzicho kuwindo, iye n'kukhala pambali pake. Mayi wina wa mpando wakumbuyo anasuzumira, n'kunena kuti mkwatibwiyo ndi wokongola zedi, ndipo anafunsa ngati ndi mwana wake.

“Ndi mng'ono wanga,” anatero.

“Nanga inu muli pati?”

Msungichuma anakoka mkono wa juzi yake, anapukuta madontho a mvula pangodya yakumanja, ndipo analoza chigongono chobiriwira chija.