Chingwe Chotalika

Titasamukira m'nyumba za mdadadazi, mwana wanga anasanduka munthu wina. Kumene tinachokera ankabwera madzulo maondo ali mbuu, nkhani zili thoo pakamwa. Kuno akaweruka kusukulu ankangovula yunifolomu n'kukhala pafupi ndi mashini anga osokera, kumatola mapini amene ndagwetsa. Mwana wamkazi wamkulu ndithu, kumacheza ndi mapini! Zinkandipweteka mtima kwambiri.

Sikuti atsikana kunalibe. Tsiku lililonse ankasewera pabwalo, phokoso lawo kumafika mpaka pakhonde pamene ndimasokera. Ndikamuuza kuti apite, ankangoti, "Sandidziwa, amayi."

"Nanga akudziwa bwanji iwe uli kuseri kwa siketi yanga?"



Ine kudekha sindinabadwe nako. Ndinkafuna kumugwira pamkono n'kukamuimika pakati pawo, koma ndinadziwa kuti angolira, enawo n'kumuseka. Ndiye tsiku lina atandipempha chingwe chodumpha, ndinatola zidutswa za nsalu zotsala n'kuyamba kuluka. Pamene ndinayenera kulekezera sindinaleke. Ndinaluka mpaka chingwe chinachoka pakhomo pathu kukafika pampopi.

Atachiyesa, chinangomukulunga miyendo.

"Amayi, chatalikitsa. Chiduleni."

"Sizasi yanga ndi ya nsalu za makasitomala," ndinatero. "Kamange mbali inayo pamtengo wamagetsi, ine ndipukusa kuno."

Tinasewera atatu: iye, ine ndi mtengo wamagetsi. Mtengowo sunkathandiza kanthu, chingwe chinkangokhwekhwereza pansi. Ine mayi wamkulu, tepi yoyezera ili m'khosi, thukuta lili kamukamu. Bambo ometa tsitsi pakhomo loyandikana anasuzumira, akuti, "Mayi, mwasintha ntchito?" Ndinangowayang'ana, iwo n'kubwerera kumutu umene anausiya theka.

Atsikana aja anasiya masewera awo n'kumasendera pang'onopang'ono. Wina wamtali, wa mpata kumano, amene anzake amamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipapuma, anagwira m'chiuno n'kundiyang'ana.

"Amayi, mukupukusa molakwika. Mukuthamangitsa, n'chifukwa chake akukodwa."

Tsiku lina kamwana kotero kakanamva mawu anga. Koma ndinadzigwira.

"Bwera undiphunzitse, poti ndiwe katswiri."

Wailesi anamasula chingwe pamtengo paja n'kuchikulunga padzanja. Tisanapukuse n'komwe, kamtsikana kena kakafupi kanandigwira chigongono.

"Pitani mukasoke, amayi. Tipukusa ife."

Mwana wanga anaima pakati, manja ali kumbuyo, akundiyang'ana ndi maso ondipempha kuti ndisachoke. Ndinkadziwa kuti ndikakhala, asewera ndi ine basi. Ndinkadziwanso kuti ndikachoka akhoza kunditsatira akulira, ndipo sadzatulukanso. Ndinapereka chingwe n'kutembenuka.

Pamashini ndinakhala chofulatira bwalo. Mapazi ankapalasa, koma makutu onse anali kunja, moti mkono wa diresi la mwini wake ndinausokera kunsi kumwamba. Ndinkadikira kumva timapazi take pambuyo panga. M'malo mwake ndinamva chingwe chikumenya pansi, phaa, phaa, kenako mawu a Wailesi.

"Lowa, iwe! Ukodwa ukodwa, tonse timakodwa. Dzina lako ndani?"

Yankho sindinalimve, mwana wanga amalankhulira m'khosi akachita manyazi. Koma pasanapite nthawi ndinamva gulu lonse likuimba nyimbo yawo yodumphira, ndipo m'nyimbomo munali dzina limene ndinamupatsa ndekha. Anakodwa, onse anaseka, ndipo m'kusekamo ndinazindikira kuseka kwake. Ndinali nditakuiwala.

Anabwera dzuwa litapendeka, maondo ali mbuu, riboni itapita kwina, m'manja mulibe kanthu.

"Chingwe changa chili kuti?" ndinafunsa mokalipa, chifukwa zala zinali zikundiwawabe ndi kuluka kuja.

"Chili kwa mnzanga, amayi. Akuti mawa abwera kudzanditenga."

Anazinena ngati nkhani wamba, n'kuthamangira kukamwa madzi. Ine ndinatsala ndi ulusi m'manja, ndikulephera kuona kabowo ka singano. Kenako ndinagwada n'kuyamba kutola ndekha mapini.