Makina Osadziwa Maliro

Bambo ake atamwalira, kampani yogulitsa simenti inamulemba ntchito mnyamatayo pamalo pawo, yonyamula matumba m'nyumba yosungira katundu. Anzawo a malemuwo ankangomuitana kuti Mwana wa Akulu.

Pakhomo panali kamakina kodindapo chala polowa ndi potuluka. Tsiku loyamba, asanalembetsedwe n'komwe, anangoyesa kuikapo chala chachikulu. Kamakinako kanalira, pagalasi pake n'kutuluka nkhope ya bambo ake, nsidze zili mbuu ndi fumbi.

"Takulandirani," kanatero.

Anachotsapo chala msangamsanga. Mlonda anaseka, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Magazi sanama, mphwanga. Lowa."

Mawa lake zinali zomwezo, mkuja wakenso. Anayamba kudinda atayang'ana kumbali, komabe ankamva maso aja akumuperekeza mpaka kumatumba. Kenaka kapitawo anamuitana.

"Pakompyuta pakuoneka kuti malemu sakujomba, iwe sunabwereko. Takwera kwa mayi wa makompyuta akakonze zimenezi."

Chipinda cha mayiyo chinali chozizira, chopanda zenera. Pakona panali bokosi lakuda lomwe linkangong'ung'udza.

"Iyi ndi seva," mayiyo anatero. "Zonse zimene makina asunga za munthu, nkhope, chala, nthawi yofikira, timati deta, ndipo zimagona umu. Sisitemu sidziwa maliro, achimwene. Kwa iyo munthu amakhalabe moyo mpaka wina atamufufuta."

"Nanga bwanji ikuvomera chala changa?"

"Zala za anthu awiri sizifanana. Mwina mwasokoneza penapake."

Anamudinditsa pa kamakina kena ka patebulo. Nkhope ija inatulukanso. Mayiyo anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kudzikoka juzi pakhosi.

"Izi sindinaziphunzire," anatero chapansipansi. "Tingowadilita, tikulembetseni inuyo."

"Kudilita ndiye kutani?"

"Kufufutiratu. Pena timasiya bakapu, kope lina lobwezeretsera zinthu zikatayika. Koma tikatero apa abweranso."

Pakompyuta panatuluka funso lofunsa ngati akutsimikiza. Mayiyo anabweza dzanja, n'kumukankhira mausi, kachida kodinira pakompyuta.

"Ndi bambo anu. Dinani nokha."

Anaika dzanja lonyamula matumba lija pa kanthu kopepuka ngati dzira. Anadina. Pamene panali nkhope panatsala poyera, bokosi lakuda lili ng'ung'ung'u ngati palibe chachitika.

Ataweruka anapeza mayi ake pakhonde akusita malaya. Anawafotokozera zonse, akuyesa kuseka kuti nkhaniyo ipepuke. Iwo anaimika simbi, osamuyang'ana.

"Ndiye masiku onsewa umakumana nawo pakhomo la kuntchito, iwe chete?"

"Chinali chithunzi chabe, amayi."

"Ine ndili nacho chaukwati chokha, ali mnyamata. Nkhalamba imene ndinkaidzutsa m'mawa ija ndilibe." Anapinda malayawo pang'onopang'ono. "Ukanayamba wanditenga, mwanawe, ndikawaone."