Dokotala Kuseri kwa Mpanda Wake

Pa doko lathu la mtsinje wa Sava, Ignjat Radin anali anthu atatu m'malaya amodzi: dokotala, wogula ubweya wa nkhosa, ndiponso mkulu wa boma woyang'anira malire. Ukadandaula kuti wakubera pa sikelo, ankakutumiza kwa mkulu wa boma, ndipo mawa lake unkampeza yemweyo atangosintha chipewa.

Chaka chimenecho kutsidya kunkamveka za mliri, choncho msika unkachitikira pa mpanda, athu mbali ino, akutsidya mbali inayo. Ndalama ankaziviika m'viniga, makalata ankawafukiza ndi utsi. Munthu wakuno akangokhudzana ndi wakutsidya, ankamutsekera m'nyumba ya mbindikiro masiku makumi awiri ndi limodzi. Lamulo limeneli Ignjat ankalisunga mopanda chisoni. Anatsekerapo ngakhale wansembe wathu chifukwa chotolera mayi wina wakutsidya mpango umene unauluka ndi mphepo.

Kunyumba, mkazi wake Stana anali wodwala pakati, masiku atatsala owerengeka. Ana awiri oyamba anafa pobadwa, Ignjat ali ku ulendo wa malonda, ndipo dokotala wina anali kutali mtunda wa masiku anayi. Ulendo uno mwamunayo anachita kulumbira kuti adzakhalapo.

Lachinayi kunabwera Salih, wamalonda wa ku Bosnia, ndi ubweya woyera bwino. Iye ndi Ignjat anakokanakokana za mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, akukuwizana pa mpanda. Tsono kwathu malonda satha ndi pakamwa, amatha ndi kugwirana chanza. Salih atatchula mtengo umene Ignjat ankaufuna, anatulutsa dzanja pa kazenera kopatsirana katundu monga ankachitira zaka zonse. Mwa Ignjat, wogula ubweya uja anali wachangu kuposa dokotala, ndipo analigwira dzanjalo n'kuligwedeza ndithu.

Msika wonse unacheuka. Pavo, msilikali wa pachipata, anayang'ana kumwamba.

"Bwana, ine sindinaone kanthu," anatero motsitsa mawu. "Koma abambo wansembe aona, ndipo akumwetulira."

Ignjat anasaina yekha chikalata chodzitsekera. M'kachipinda ka mbindikiro mantha anamugwira kwambiri, poti mwana akanabadwa iye asanatuluke. Anayamba kulembera Stana makalata a malangizo, oti asanyamule zolemera, oti madzi aziwiritsa, ndipo onse ankafika akununkha utsi. Yankho silinabwere.

Tsiku lachitatu Stana anafika yekha, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anaima pa chingwe chimene alendo sankaloledwa kudumpha. Ignjat, ali pazenera, anayamba kumufotokozera kuti lamulo ndi lamulo, kuti mkulu wa boma akadzikhululukira yekha ndiye kuti mawa malire onse aphwasuka. Ankayankhula bwino zedi, monga ankayankhulira kwa akazi a anthu ena.

"Sindikumva, bambo," anatero Stana. "Tasuzumirani kunja."

Ignjat anatulutsa mutu. Stana anadumpha chingwe chija, nayenda mapazi atatu, n'kumuwomba mbama yomveka mpaka kuchipata.

"Mwaona, a Pavo?"

"Ndaona, mayi."

"Ndamukhudza kapena sindinamukhudze?"

"Mwawakhudza kwambiri, mayi."

"Ndiye tsegulani. Zovala zanga ndi za mwana zili pa ngolo."

Pavo akufufuza makiyi, Ignjat anagwira tsaya, misozi ili mbwembwembwe, ndipo sinali ya ululu. Anafuna kunena kanthu, koma Stana anamudula.

"Wa ubweya ndi wa boma uja atuluke m'menemo," anatero. "Ine ndabwera kwa dokotala."